Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Chaka chimene ndinalakwa Chitchaina

Gawo lapitali ndinalekezera pa Park Station ku Johannesburg, amalume atandikweza basi ndi bulangete latsopano komanso mawu awo aja akuti, "Mphwanga, usakatichititse manyazi." Chaka choyamba cha ku yunivesite ku South Africa komweko, 2015, ndichidutsa mothamanga, chifukwa chinandikomera, ndipo nkhani yokoma siitenga nthawi kufotokoza. Dzina la yunivesiteyo sinditchula, ena mwa anthu a m'nkhaniyi akadali komweko.

Amene mwayamba kuwerenga pakatikati mukhoza kudabwa kuti mnyamata wa ku Ntcheu anachifuniranji Chitchaina. Malawi atasiya Taiwan n'kugwirizana ndi Beijing kumapeto kwa 2007, nthawi ya Bingu wa Mutharika, Lilongwe inadzaza fumbi la zomangamanga. Nyumba ya Malamulo inatsegulidwa mu 2010, kenako kunabwera BICC, msewu wa Karonga-Chitipa, MUST ku Thyolo, bwalo la mpira ku Area 48. Ine nditalemba MSCE ndinagwirako ganyu yowerenga matumba a simenti pamalo ena omanga. Pamalopo pankabwera Mmalawi mnzathu wotanthauzira, nsapato zake zosagwira matope. Mabwana akakalipa iye ankamvetsera, n'kutiuza ife zimene wakonda kutiuza. Ndinaona kuti pamalo ponsepo munthu amene sangachotsedwe ntchito ndi iyeyo.

M'kalasi ya chaka choyamba tinali ambiri, oti n'kudzaza basi. Tinayamba ndi pinyin, kalembedwe ka Chitchaina ka zilembo zathu zomwezi kamene boma la China linakhazikitsa mu 1958, ndi kakwezedwe ka mawu. Chitchaina cha Mandarin chili ndi mamvekedwe 4, ndi kena kopepuka kachisanu. Liwu loti ma ukalitchula mokwera mosasintha ndi mayi, likamakwera ndi chomera chopangira zingwe chotchedwa hemp, likatsika n'kukweranso ndi hatchi, likagwa ndi kukalipira. Anzanga olankhula Chingerezi chokhachokha ankatuluka thukuta. Ine ndinkangoona zachizolowezi. Kwathu mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga timalemba chimodzimodzi koma palibe mwana amasokoneza, khutu limadziwa lokha. Tsiku lina ndinawafotokozera aphunzitsi athu zimenezi, mayi wachikulire wochokera kumpoto kwa China amene tonse tinkangowatchula kuti Laoshi, kutanthauza mphunzitsi. Anandiuza ndibwereze mtengo ndi mtengo kanayi, akutchera khutu, kenako anaseka mpaka kuvula magalasi.

Atafika pa timawu towerengera zinthu, takuti buku lili ndi kake, pepala ndi tebulo kake, nsomba ndi msewu kake, anzanga anadandaula kuti n'zopanda mutu. Munthu amene anakula akunena chingwe chimodzi, mpando umodzi, khasu limodzi sangadabwe nazo. Ndinamaliza chakacho ndili pamwamba. Ndinaphunziranso kuti dzina la dziko lathu amalilemba 马拉维, ndipo chilembo choyambacho ndi hatchi ija. Ndinawalembera amayi pakapepala, iwo n'kukamata pakhoma pafupi ndi kalendala ya ku tchalitchi.

Mu 2016 tinabwerera oti n'kukwana m'minibasi, malo n'kutsalako. Ndipo titatsegula buku latsopano, pinyin inali itachoka.

Apa ndipo ndikufuna mumvetse, chifukwa anthu akamva kuti munthu walakwa chilankhulo amaganiza kuti ankagona. Chifalansa kapena Chipwitikizi ukamva liwu ukhoza kuyerekeza kalembedwe kake, ukaliona ukhoza kuyesa kulitchula. Chitchaina liwu lililonse umaligula katatu: kamvekedwe kake, tanthauzo lake, ndi chithunzi chake, chimene chili ndi timizere toyenera kutsatana mwadongosolo. Kuti uwerenge nyuzipepala umafunika zilembo pafupifupi 3,000. Mwana wa ku China amaziphunzira zaka zonse za ku pulayimale, akuziona pa chikwangwani chilichonse, pa botolo lililonse. Ine ndinkaziona m'buku basi. Ndikatuluka panja kunali Chingerezi, Chiafirikanzi ndi zilankhulo za eni dziko.

Zina zimakoma. Munthu (人) atatsamira mtengo (木) ndiye kupuma (休), ndipo aliyense amene analimapo mu Okutobala sangaiwale chimenecho. Koma zoterezi n'zochepa, n'zimene amakunyengerera nazo sabata yoyamba. Zambiri ndi monga 己, 已 ndi 巳, zilembo zitatu zosiyana potengera pamene kamzere kamodzi kalekezera. Kapena 未 ndi 末. Kapena kugula ndi kugulitsa, 买 ndi 卖, zonse mai, kusiyana kwake kakwezedwe ndi kamtanda pamutu. Lachisanu lililonse kunali tingxie: Laoshi amatchula mawu, iwe ukulemba papepala la timabokosi. Kadontho kamodzi kakasowa, malikisi apita.

Ndinkayesa. Ndinadula makatoni a ku lesitilanti kumene ndinkagwira ganyu n'kupanga timakadi, mbali ina chilembo, mbali ina tanthauzo. Chitupa changa chophunzirira chinkandilola kugwira ntchito maola 20 pasabata, ndipo onse 20 ndinkawagwira, nthawi zina n'kubera pang'ono, chifukwa lendi ndi inshuwalansi ya chipatala imene mlendo amakakamizidwa kukhala nayo sizinkadikira. Ndinkafika m'chipinda 11 koloko usiku, manja akununkha sopo wa mbale, n'kulemba chilembo chimodzi ka 20. Lachisanu ndinkachikumbuka. Lachisanu linalo chinali chitathawa, ngati kutunga madzi ndi dengu.

M'kalasi mwathu munali anyamata awiri a ku Newcastle ku KwaZulu-Natal, ana a mabanja a ku Taiwan amene anabwera kudzatsegula mafakitale m'zaka za m'ma 1980. Poyamba tinkawachitira nsanje kuti akungotola malikisi. Kulankhula ankalankhuladi ngati madzi. Koma kwawo anaphunzira zilembo zakale zimene Taiwan ndi Hong Kong akugwiritsabe ntchito, pamene ife tinkayesedwa pa zilembo zofupikitsidwa za ku Beijing, ndiye nawonso Lachisanu ankatuluka atakwinya nkhope.

Kenako kunabwera Seputembala. Chaka chapitacho ophunzira a zionetsero zokana kukwera kwa fizi, za FeesMustFall, anali atakakamiza Pulezidenti Jacob Zuma kulengeza kuti fizi ya 2016 sikwera. Pa 19 Seputembala 2016 nduna Blade Nzimande inati mayunivesite akhoza kukweza fizi ya 2017 mpaka ndi 8 peresenti, ndipo moto unabukanso dziko lonse. Makalasi anaima. Mtima wanga unali ndi anzangawo, umphawi umene ankaulirira ndinkaudziwa bwino. Koma ine ndinali mlendo. Ngongole ya boma ya NSFAS sinkandikhudza, ndipo ndikanamangidwa kamodzi chitupa changa chikanathera pomwepo. Ndinkangokhala m'chipinda n'kumamva nyimbo ndi mfuti za mphira chapatali. Wophunzira mbiri yakale akhoza kuwerenga yekha masabata amenewo n'kupezako. Chilankhulo ukachisiya masabata angapo osachimva chimazilala ngati mbaula.

Zotsatira zinatuluka mu Disembala. Ndinapeza 43. Kukhoza kunali 50, ndipo mayeso achibwereza ankapatsa oyambira 45. Malikisi awiri. Pa mayeso olankhula ndinali m'gulu la apamwamba, pepala lolemba ndi limene linandimiza. Oposa theka la minibasi ija tinagwa.

Amalume sindinawauze. Ndinapita ku Johannesburg pa Khirisimasi, ndinadya nkhuku yawo, anandionetsa kwa anzawo a ku tchalitchi kuti uyu ndi Mtchaina wathu, ine n'kumwetulira. Mu Febuluwale anatumiza ndalama monga mwa nthawi zonse akuganiza kuti ndikulowa chaka chomaliza. Ndinalembetsa kubwereza kosi ija, ndikudziwa kuti digiri yanga yatalika ndi chaka chathunthu, ndipo chaka chimenecho chinalibe mwini wolipira.

Mu Malichi 2017 Laoshi anandiitana ku ofesi yawo, kachipinda kodzaza mabuku ndi fungo la tiyi. Anati akuluakulu akuunika maphunziro amene ali ndi ophunzira ochepa komanso olakwa ambiri, ndipo Chitchaina chili pamndandanda. Maganizo anali oti chitsale cha chaka choyamba chokha, cholawitsa, koma munthu asamathenso kutenga digiri yake. Kukhala msonkhano, ndipo ophunzira awiri aloledwa kulankhula.

"Ndikufuna mmodzi akhale iwe," anatero.

"Laoshi, ine ndinalakwa. Tengani amene anakhoza."

"Amene anakhoza akawonetsa kuti zimatheka. Zimenezo akuzidziwa kale. Ndikufuna aone amene akumuwerenga uja."

Ndisanapitirire ndifotokoze za ndalama, chifukwa inenso ndinazimvetsa nthawi imeneyo. Boma la South Africa limapereka ndalama ku mayunivesite potsatira chiwerengero: mbali ina chifukwa cha ophunzira amene alembetsa, mbali ina chifukwa cha amene amaliza n'kulandira digiri, mbali ina chifukwa cha kafukufuku amene aphunzitsi asindikiza. Kalasi ya anthu mazana angapo m'holo imodzi, mphunzitsi mmodzi, ambiri n'kukhoza, ndi ng'ombe ya mkaka. Kalasi ya minibasi, yofuna mphunzitsi woti amve pakamwa pa aliyense, theka n'kugwa, ndi mbuzi yongodya. Fizi inali itaima chaka chathunthu, randi itafooka. Mkulu amene ankatsogolera msonkhanowo sanali munthu woipa, ndinene zoona. Anali ndi bulangete lalifupi ndipo ankasankha phazi loti lizizidwe.

Chodabwitsa n'chakuti nthawi yomweyo boma lomwelo linali litangolowetsa Mandarin m'sukulu ngati phunziro losankha kuyambira 2016, bungwe la aphunzitsi la SADTU likukana kuti ndi utsamunda watsopano. China inali kale dziko limene South Africa imachita nalo malonda kwambiri. Pa wayilesi andale ankati ana aphunzire Chitchaina, m'kachipinda kathu tinkawerengedwa ngati katundu wosayenda malonda. Aphunzitsi a m'sukuluzo akanachokera kuti, sindinamve wina akufunsa.

Msonkhano unachitikira m'chipinda cha tebulo lalitali. Anaonetsa pakhoma mndandanda wa makosi, amene akudwala atapakidwa utoto wofiira. Wathu unali wofiira kwambiri. Ndinayang'ana nambala ya olakwa ija n'kudziwa kuti mmodzi ndine, wina ndi mtsikana amene ankalera mwana yekha, wina ndi mnyamata amene anamangidwa mu Okutobala n'kulemba mayeso milandu ili m'khosi. Onsewo ndinkawadziwa mayina ndi kumene amagona.

Laoshi sanalankhule zambiri. Anatchula za sukulu ya boma la America yophunzitsa akazembe zilankhulo, Foreign Service Institute, imene inkawerengera kuti wolankhula Chingerezi amafunika maola a m'kalasi 600 mpaka 750 kuti agwire ntchito m'Chifalansa kapena Chipwitikizi, koma Chitchaina maola 2,200. Kenako anawerengetsa athu: mapiriyodi 5 pasabata, iliyonse mphindi 45, masabata 26 pachaka. Zaka zitatu zonse pamodzi maola ake ndi pafupifupi 300. Anati ndandanda yathu ndi yofanana ndendende ndi ya Chifalansa, ndipo pamapeto timayesedwa ndi muyezo umodzi. Anakhala pansi.

Panabwera maganizo awiri. Bambo wina anati bwanji kuphunzitsaku kuperekedwe ku Confucius Institute, bungwe la China lophunzitsa Chitchaina m'mayiko akunja, popeza aphunzitsi ake amalipidwa ndi China. Ena anakana kuti digiri ya yunivesite singadalire aphunzitsi obwera zaka ziwiri n'kubwerera, olipidwa ndi boma la dziko lina. Mayi wina anati vuto ndi kulemba pamanja: bwanji ophunzira aziloledwa kulemba mayeso pa kompyuta, kutayipa pinyin n'kusankha chilembo, monga amachitira aliyense pafoni. Laoshi anapukusa mutu. Anati amene sanalembe chilembo ndi dzanja lake sachidziwa, amangochizindikira ngati nkhope ya munthu wa mumsewu.

Pano ndiulule chinthu chimene tsikulo sindinanene. Mumtima ndinali kumbali ya mayi uja. Pa kompyuta ndikanakhoza, mwina ndi malikisi abwino. Mpaka lero sindinagamule kuti wolondola anali ndani. Atchaina eni ake ali ndi mwambi woti tibi wangzi, kunyamula cholembera n'kuiwala chilembo, chifukwa foni yawalanda dzanja. Ine panopa ndimalemba Chitchaina tsiku ndi tsiku ndipo patha miyezi ndisanagwire cholembera. Komabe zilembo zimene ndinazilemba ka 20 manja akununkha sopo ndi zimene ndimaziwerenga osaima, ngakhale zitalembedwa mopotoka pa katoni.

Itafika nthawi yanga, pepala limene ndinakonza ndinaliiwala m'thumba. Ndinati ndine wa ku Malawi, ndinapeza 43, ndine mmodzi wa ofiirawo. Ndinati kwathu misewu, mabwalo ndi nyumba za boma zikumangidwa ndi anthu amene sitimva zimene akunena, mapangano akulembedwa m'chilankhulo chimene ochepa mwa ife angawerenge, ndipo wotanthauzira nthawi zambiri amabwera ndi mbali inayo. Ndinati ndabwereza kosiyi ndi ndalama zoti mwini wake sakudziwa, ndipo ngati atseka chaka chachitatu ndiye kuti ndikubwereza kuti ndikafike pakhomo lokhoma. Kenako, sindikudziwa chinandigwira n'chiyani, ndinatembenukira kwa Laoshi n'kunena m'Chitchaina kuti pepani chifukwa cha 43. Anandiyankha m'Chitchaina momwemo kuti liwu lomaliza ndalitsitsa molakwika. Anaseka ndi anyamata a ku Newcastle okha.

Chigamulo chinabwera patapita masabata angapo. Digiri sanaitseke, anati adzaionanso pakatha zaka ziwiri. Tinasangalala tsiku limodzi. Mawa lake tinamva kuti kontilakiti ya mtsikana amene ankatiphunzitsa m'timagulu masana, amene ankakhala nafe n'kumatikonza chilembo chimodzichimodzi, sidzawonjezedwa. Ndiye kuti pofuna kuchiza kulakwa kwa ophunzira anachotsa munthu yekhayo amene ankachepetsa kulakwako. Mu 2023 nditamva kuti West Virginia University ku America yathetsa madigiri ake a zilankhulo zakunja, Chitchaina chomwe, chifukwa cha kuperewera kwa ndalama, ndinaona tebulo lalitali lija ndi utoto wofiira pakhoma.

Koma chimene chinandivuta kwambiri sichinali chigamulocho. Ndinali nditanena pamaso pa alendo, azungu ndi akuda, maprofesa, kuti ndinalakwa, pamene munthu amene ankasoka masuti mpaka pakati pa usiku kuti ndiphunzire sankadziwa. Pa Pasaka ndinakwera basi.

Amalume ndinawapeza m'kashopu kawo, tepi ili m'khosi. Ndinadikira makasitomala atuluke, ndinakhala pa kampando kapansi n'kunena zonse, kuyambira 43 mpaka nkhuku ya pa Khirisimasi. Makina anaima.

"Ndiye ndalama ya Febuluwale ija unalipira chaka chiti?"

"Chachiwiri, malume."

"Chachiwiri kawiri."

"Inde."

"Mayi ako akudziwa?"

"Ayi."

Anakhala chete nthawi yaitali, akuchotsa timaulusi pa thalauza lawo. Ndinkayembekeza mawu aja a ku Park Station. M'malo mwake anaimirira, anavala jekete n'kunena kuti tiye, zipi zandithera.

Tinakwera takisi mpaka ku misika ikuluikulu ya Atchaina ya ku Crown Mines, kumene ankagula zipi, mabatani ndi nsalu ya m'kati mwa masuti. Anandilowetsa m'shopu imene anazolowera. Kuseri kwa kauntala kunali mayi wina akudya chakudya chake m'kabakuli, maso ali pafoni.

"Lankhula naye," anatero amalume. "Zaka 6 ndikugula pano sanandichotserepo ngakhale randi imodzi."

Pakamwa panauma. Ndinamupatsa moni. Mayi uja anadzutsa mutu, anayang'ana kumbuyo kwanga kufuna amene walankhula. Nditabwereza anaika kabakuli pansi n'kuitana mwamuna wake kuti adzaone. Anali a ku Fujian, ndipo pakati pawo ankalankhula chawo chimene sindinamveko ngakhale liwu limodzi, koma kwa ine anatembenukira ku Mandarin. Anafunsa kwathu, ndinati Malawei. Anafunsa amene anandiphunzitsa, zaka zingati, ngati ndili pabanja. Ndinati awa ndi achimwene awo a mayi anga, jiujiu, ndi telala, amagula kwa inu zaka 6. Ndinapempha mtengo wabwinoko, ndikusamala kwambiri kuti ndinene kugula osati kugulitsa. Tinakokanakokana. Anachotsa pang'ono pa paketi iliyonse, n'kuwonjezera kabokosi ka mabatani kaulere.

Analemba lisiti pamanja, mothamanga, zilembo zolumikizana ngati mpanda wa minga, n'kupatsa amalume. Titatuluka panja amalume anandipatsa pepalalo.

"Tawerenga apa."

Ndinaliyang'ana. Ndinazindikira manambala, ndi chilembo chimodzi cha mtundu wakuda. Zinazo ayi.

"Sindingathe, malume."

Analitenga, analiyang'ana mozondotsa, analipinda n'kuika m'thumba la malaya.

"Ndiye chimene unalakwacho n'chimenechi."

"Chimenecho."

Tinayenda mpaka pokwerera takisi, ine nditasenza thumba la zipi. Tili pamzere anati theka la chaka chowonjezeracho alipira, theka linalo ndione ndekha, ndipo mayi anga ndiwaimbire ine mwini usiku womwewo, pafoni yawo, iwo ali pompo.